Thendere Lokhota la Reino Salmela

Reino Salmela ankagwira ntchito yokankha chipale chofewa m'misewu ya kumpoto kwa Michigan. Chisanu chikayamba, anthu a m'mafamu a kuseri kwa nkhalango ankadziwa kuti kwacha akamva chilole chake chikupala msewu. Sanali wolankhulalankhula. Anali ndi mkazi dzina lake Aili, ana awiri amene anapita kumizinda, ndi diso limodzi.

Diso lamanja linapita tsiku lina akukoka galimoto ya munthu imene inagwera m'ngalande. Unyolo unaduka n'kumukwapula kumaso. Madokotala anasoka bwinobwino, moti woyang'ana patali sakanadziwa kanthu, koma m'katimo munali mdima. Kuyendetsa chilole anazolowera msanga. Kuthira khofi m'kapu osataya patebulo kunamutengera nthawi. Chimene chinakanikiratu ndi mfuti.

Munthu amene waika mfuti paphewa lamanja kuyambira unyamata wake amayang'anira ndi diso lamanja. Reino akatsamiritsa tsaya pathendere, mtengo uja umene umakhala paphewa, kumbuyo kwa mpope wa mfutiyo kunkakhala diso lakufalo. Ankapotoza khosi ngati nkhuku yosuzumira m'botolo kuti lamanzere lifike, n'kuwombera kumbali.

A kwa Salmela anali ndi msasa wa alenje m'nkhalango, kanyumba ka zipika kamene anamanga atate awo. Novembala aliyense, masamba atayoyoka onse, amuna ankasonkhana kumeneko kukasaka agwape. Mlenje aliyense anali ndi chilindo chake. Cha Reino chinali m'mphepete mwa dambo la mikungudza, pamene pamakumana njira ziwiri za agwape, ndipo anachikhoma yekha pamtengo asanakwatire. Pamsasapo panali mwambo wakuti wophonya gwape amamudula m'munsi mwa malaya, nsanzayo n'kuikhomera kukhoma ndi msomali. Ndi nthabwala, anthu amaseka, wodulidwayo amaseka nawo. Nsanza zitatu zakumapeto kwa khomalo zinali za Reino, ndipo pa yachitatuyo palibe anaseka.

Chaka chimenecho sanangophonya. Analasa gwape m'mimba. Amuna onse anatsata magazi mpaka chipale chatsopano chinakwirira mapazi a nyamayo, ndipo amene anadzaipeza ndi akhwangwala.

Wolamula pamsasa anali Onni, mkulu wake wa Reino. Anadula malaya aja osamwetulira, n'kupinda mpeni.

"Mphwanga, tisanamizane," anatero Onni. "Diso lako latha."

"Ndili nalo lina."

"Linalo lili kumbali yolakwika. Atate akanakhala moyo bwenzi atakulanda mfuti lero lomwe."

"Musawatchule atate, achimwene. Inu si uja munaphonya tonde wa gwape ataima pakhomo pa chimbudzi, akukuyang'anani mukumanga lamba?"

Ena anaseka pang'ono n'kuleka.

"Ndinaphonya, sindinasiye nyama ikukoka matumbo m'dambo. Tamvera. Chaka chamawa ndi chomaliza. Ukaphonya kapena kuvulaza, chilindo cha kudambo ndimupatsa Curt. Iwe uzikhala pambaula kutiphikira nyemba. Wophika nayenso ndi munthu."

Curt anali mkamwini wa Onni, wogulitsa matayala m'tauni. Anayang'ana pansi, koma makutu ake anafiira ngati a munthu amene anauzidwa kale nkhaniyo. Reino anamanga katundu wake n'kubwerera kunyumba, anzake akadali kusaka.

Aili anayang'ana m'galimoto, kenako anayang'ana malayawo.

"Awa anali malaya abwino," anatero. "Kodi akulu anu aja nsanza zinawathera kwawo?"

Reino anatsitsa katundu m'galimoto. Mkwiyo wake sunali wolalata. Unali ngati madzi a pansi pa chithaphwi choundana, amene amayenda pamwamba pali zii.

M'Disembala anayesa kusamutsira mfuti kuphewa lamanzere, kuseri kwa barani, nyumba yosungiramo udzu wa ziweto. Thupi linakana. Manja ankachita ngati obwereka, ndipo chala chamanzere chinkakoka nthawi isanakwane. Anatukwana mpaka galu anakalowa kunsi kwa khonde. Kenako anaima m'chipalemo n'kuganiza kuti ngati phewa silingasamuke, diso silingasamuke, ndiye isamuke mfuti. Thendere likhale paphewa lamanja, koma likhote podutsa pankhope, kuti mpope ufike kutsogolo kwa diso lamanzere.

Mfuti yake yopepuka sinkalola zimenezo. Koma kudenga kwa shedi kunali ina, ya asilikali, imene atate awo anagula nkhondo itatha m'sitolo ya misomali, mmene mfuti zoterezi zinkaimikidwa mumgolo ngati mipini ya mafosholo. Inapangidwira asilikali a dziko lina la kutsidya kwa nyanja, ndipo pachitsulo pake panali zilembo zimene palibe ankatha kuwerenga. Mtengo wake unkafika mpaka kumlomo kwa mpope, wakuda bii ndi girisi, wolemera ngati mzati wa mpanda. Pogawana katundu wa malemu, Onni anatenga mfuti zabwino zonse n'kunena kuti, "Chimtengo ichi tenga iwe, uzichirikizira chitseko cha barani."

Reino anaitsitsa. Anamasula chitsulo kuchichotsa mumtengo, mtengowo n'kuuponya mumbaula ya mushedi. Utsi wake unanunkha mpaka kumsewu. Atapukuta mpope n'kusuzumiramo cholozetsa kuwindo, m'kati munali mbee. Msilikali amene anainyamula, kaya anali ndani, ankaisamala.

Thabwa loyamba linali la koivu, mtengo wa kumeneko wamakungwa oyera, limene anasunga kuti adzapangire tebulo. Analisema Januwale yense, masana akabwera kokankha misewu. Litafika pooneka ngati thendere, analigunditsa pansi kuti aone kulimba kwake, ndipo linasweka pokhotera pomwepo, chifukwa mitsempha ya thabwalo inali yowongoka ndipo sinatsate mkhotowo. Chidutswa chimodzi chinatulukira pawindo la shedi, galasi n'kumwazika m'chipale.

Aili anabwera ndi katoni yotsekera pawindopo.

"Inu, mukusema mfuti kapena mukusema akulu anu?"

"Ndisiye, Aili."

"Ndikusiyani. Koma mawindo a kunyumba yaikulu ndi anga. Mukapsa mtima muziponyera kuno konkuno." Anaima pakhomo kaye. "Nanga kuphika n'koipa chotani? Ine ndaphika moyo wanga wonse, palibe wandidula malaya."

"Si kuphika."

"Nanga n'chiyani?"

"Chilindo chija ndinakhoma ndine. Onni amagawa zinthu ngati ndi iye anabzala nkhalango."

Mtengo woyenera anakaupeza pamwamba m'barani, kuseri kwa udzu wakale. Unali chipika cha koivu chochokera patsinde, pamene mtengo unapindika uli wamoyo pothawa thanthwe. Atate ake anachisunga kuti adzapangire mwendo wa ngolo yotsetsereka pachipale, ndipo anamwalira chili chiumire pamenepo. Mitsempha yake inkakhota yokha. Reino anachinyamula m'manja ngati mwana.

Ntchito inayambanso. Febuluwale anapita ndi sowo ndi kasemasema. M'Malichi, madenga akudontha masana n'kuundananso madzulo, anayamba kugoba malo okhala chitsulo. Ankadetsa chitsulocho ndi mwaye wa nyali, n'kuchikanikiza mumtengo, n'kuchichotsa. Pamene padetsedwa, ankapala. Ankadetsanso, n'kukanikizanso, n'kupalanso. Ntchito imeneyi sifuna munthu waukali, ndipo iye anali waukali, choncho nthawi zina ankaika tchizulo pansi n'kupita kukawaza nkhuni mpaka mikono italema, n'kubwerera manja atafatsa. Mulu wa nkhuni wa chaka chimenecho unafika kudenga.

Chipale chinasungunuka, misewu inasanduka matope, atsekwe anadutsa kulowera kumpoto. Achule analira m'ngalande. Pofika nthawi ya udzudzu, chitsulo chinkalowa mumtengo ngati phazi munsapato yakale.

Kunatsala kuyesa thendere pathupi. Imeneyi inali ntchito ya mu Julaye. Shedi inkatentha ngati uvuni, ndipo Reino ankagwira ntchito atavala vesiti yokha, thukuta likutsika m'khosi. Ankatseka diso, kukweza mfuti paphewa, n'kutsegula. Likapanda kugwera pamzere wa mpope, ankatenga tupa. Anapala potsamira tsaya mpaka panakhala kachigwa kolandira fupa la nkhope yake. Kutalika kwa thendere anakudula pang'onopang'ono, akuyesa ndi kuyesanso. Tsiku lina anakweza, n'kutsegula diso, ndipo kachitsulo kolozera kakutsogolo kanali pakatikati, ngati kanali kumudikira. Anatsitsa n'kukwezanso. Kanali pomwepo. Anamangirira mphira kumapeto kwa thendere kuti mfuti isamamenye phewa.

Tsiku lodula udzu, Onni anabwera ndi Curt kudzabwereka ngolo. Anapeza mfutiyo itapanidwa pabenchi.

"Ichi n'chiyani, mphwanga? Mwendo wa galu?"

"Ngolo ili kuseri."

"Tadzaona, Curt. Mfuti yowombera kuseri kwa mtengo iwe uli mbali ino. Kapena ukufuna kulasa gwape amene wadutsa kale?"

"Mtengo wake ndi wokongola, bambo," anatero Curt.

"Wokongola, eya. Tidzaupachika pamwamba pa mbaula, aziuyang'ana akutakasa nyemba."

Reino anapitiriza kukhecha ndi sandipepa. Anthuwo atachoka, anapeza kuti wakhecha malo amodzi mpaka chala chatuluka magazi.

Mu Ogasiti anapaka mafuta, kadontho kamodzi patsiku, akutikita ndi chikhatho mpaka mtengo utafunda. Koivu uja anasanduka wa mtundu wa uchi, mitsempha yake ikuyenda ngati madzi ozungulira mwala. Kudzenje lokumba miyala, kumene anthu a kuderako amayesera mfuti, anaimika mbale ya pepala patali, ndipo zipolopolo zonse zinalowa malo oti n'kuphimba ndi chikhatho. Sanauze munthu. Mitengo ya mapulo inafiira, masamba anagwa, madzi a m'chidebe cha galu anayamba kuundana m'mawa.

Tsiku lotsegulira kusaka linabwera ndi chisanu choluma, chija chimauma m'mphuno munthu akapuma. Reino anavala monga amavalira chaka chilichonse, zam'kati zaubweya, malaya ochindikala, juzi imene analuka Aili, ndi chikhoti chofiira cholemera pamwamba. Anakwera pachilindo kusanayere kwenikweni. Dambo linali phee. Mikungudza inali yakuda, udzu woyera ndi chisanu.

Dzuwa litangofika pansonga za mitengo, tonde anatulukira. Anali wamkulu, khosi lonenepa, nyanga zotambalala ngati mpando. Anaima pamphambano ya njira zija, chammbali, nthunzi ikutuluka m'mphuno.

Reino anakweza mfuti. Mphira ija inakola chikhoti m'khwapa. Anaikankhira kutsogolo, n'kuibweza paphewa, n'kutsamiritsa tsaya. Tsaya linagwera kumbuyo kwa kachigwa kaja. Diso linaona mbali ya mpope, kachitsulo kolozera kali kwina. Anasuntha khosi, anakanikiza phewa, koma zovala zonse zija zinali pakati pa iye ndi mfuti yake, zikuikankhira kutsogolo. Chala chinali pokhethemulira. Akanatha kungoganizira n'kuwomba, mwina n'kulasa pabwino, mwina m'mimba. Anakukuta mano mpaka nsagwada zinawawa, n'kutsitsa.

Tondeyo anagwedeza khutu, n'kulowa m'mikungudza osafulumira n'komwe.

Pamenepo mkwiyo umene anausungira Onni chaka chonse unatembenukira mwini wake. Munthu wobadwira m'chisanu, wodya za chisanu, wodziwa kununkhiza chipale chisanagwe, kuyesa mfuti ya mu Novembala atavala vesiti. Ngakhale kudzenje la miyala kuja ankapita atavala malaya okha. Panalibe womunamiza, panalibe womulanda kanthu. Anamenya chibakera pathabwa la chilindo, chisanu n'kuyoyoka m'nthambi.

Anavula chikhoti ndi juzi n'kukweza mfuti. Diso linagwera pamzere bwinobwino. Anakhala choncho, atavala malaya okha, akudikira. Posakhalitsa mano anayamba kugundana, ndipo mlomo wa mpope unkavina ngati nsonga ya bango pamphepo. Ndi manja otero sakanalasa ngakhale khoma la barani. Anavalanso.

M'chikwama chake munali kasowo kodulira mafupa a gwape. Anakayang'ana nthawi yaitali. Kenako anachotsa zipolopolo zonse mumfuti, anamasula mphira ija ndi nsonga ya mpeni, n'kutsina zovala za paphewa pake kuti aone kuchindikala kwake. Zinali ngati zala ziwiri. Anagoneka thendere pabondo, n'kuika mano a sowo pamtengo wa uchi uja umene anautikita ndi chikhatho chake mwezi wathunthu.

Sowo ya mafupa sicheka mowongoka. Inalumphalumpha, inakanda pambali, inang'amba kachipanthi kumapeto. Phokoso lake linamveka dambo lonse. Chidutswacho chinagwera pansi pa chilindo, ndipo mphira sinakwanenso podulidwapo. Anaiika m'thumba. Anakweza mfuti atavala zonse, diso lili chitsekere, n'kutsegula. Kachitsulo kaja kanali pakati. Anabwezeramo zipolopolo.

Dzuwa lili pamutu, Curt anatulukira m'njira atanyamula fulasiki.

"Bambo, andituma kuti ndidzakuoneni. Tinamva ngati wina akucheka nkhuni."

"Wabwera kudzayesa mpando?"

"Ayi, bambo, ine za chilindochi sindinapemphe."

"Sunakanenso."

Curt anaona chidutswa chija m'chipale, n'kuchitola. Anachitembenuza, anayang'ana m'mwamba, n'kuona thendere loduka.

"Mwadula nokha? Ntchito yonse ija?"

"Siya khofiyo pamakwerero. Pobwerera usadutse m'dambo, nsapato zako zikununkha matayala."

Masana anayenda pang'onopang'ono. Kutali kunamveka mfuti za anthu ena, kamodzi kumpoto, kawiri kumtsinje. Mphepo inatembenuka, mitambo inatsika, timadontho ta chipale tinayamba kuuluka osagwa pansi. Reino sanamwe khofi ija. Zala zakuphazi zinali zitasiya kale kumveka. Ankadziwa kuti tonde wamkulu sabwerera malo amene amva sowo, ndipo ankadziwa kuti kusawombera sikungamusungire chilindo. Onni akanangoti, mlenje wosawombera ndi wophika amene wasochera.

Mithunzi itatalika, panatulukira gwape wina kuchokera kumanzere. Anali katonde kakang'ono, tinyanga ngati zala, koyenda kakuima. Kanafika pamphambano n'kuweramitsa mutu.

Mfuti inakwera yokha. Tsaya linalowa m'kachigwa, diso linagwera pamzere, kachitsulo kanakhazikika kuseri kwa mwendo wakutsogolo. Reino anatulutsa mpweya n'kukhethemula. Mtengo wopanda mphira uja unamumenya ngati bulu, nsonga yake yong'ambika n'kulowa pafupa la phewa chikhoti chili pomwepo. Gwapeyo analumpha, anathamanga pang'ono, n'kugwa poonekera, m'udzu woyera. Anaphiriphitha kamodzi n'kukhala chete.

Reino anatsika ndi dzanja limodzi. Lamanja linkakana kukwera.

Onni ndi Curt anamupeza atagwada, akutumbula nyamayo movutikira. Onni anawerama, anapenya bala, analowetsamo chala, n'kuyang'ana kumene gwape anaima ndi kumene anagwera. Kenako anayang'ana mfuti imene inatsamira pamtengo.

"Kagwape kake aka?" anatero. "Galu wanga ndi wamkulu."

"Kafa pamene mukukaonapo, achimwene. Palibe woti akatsate magazi."

"Ndaona." Onni anatsokomola. "Curt wandiuza za sowo. Chaka chathunthu ukusema, n'kudzadula ngati mwendo wa nkhumba. Atate akanakutcha chitsiru."

"Akanatero."

"Chabwino. Chilindo n'chako."

Reino anaimirira pang'onopang'ono, magazi akuuma m'zala.

"Chinali changa m'mawa muja. Chinali changa chaka chatha. Simukundipatsa kanthu."

"Ndangonena, mphwanga."

"Mumangonena nthawi zonse."

Anayang'anizana, nkhalamba ziwiri za nkhope imodzi, nthunzi ikutuluka m'kamwa. Curt anamasula chingwe m'chiuno n'kumanga tinyanga tija.

"Ndikoke ine, bambo? Phewa lanu silili bwino."

Reino anafuna kukana. Anayesa kukweza dzanja, n'kulephera.

"Koka. Chiwindi upatse apongozi ako aphike. Akuti wophika nayenso ndi munthu."

Curt anabisa nkhope m'kolala. Onni anatsonya n'kutsogola. Atayenda pang'ono anacheuka, n'kuona kuti mng'ono wake sakuwatsata.

"Tiye, kukuda. Gwape wako wapha kale, ukudikiranso chiyani?"

"Pitani."

Reino anakoleka mfuti yopanda chipolopolo kuphewa lamanzere n'kukwera makwerero, phazi limodzi, kupuma, phazi lina. Anakhala pathabwa lake. Phewa linkagunda ngati muli mtima wina, ndipo mkwiyo unali ukadalipo, sunapite ndi gwape. Pansi, mkukuluzi wa nyama unkalowera kumsasa, mawu a anthu awiri aja akuchepa m'mitengo. Chipale chinayamba kugwa chenicheni tsopano, chachikulu, chosafulumira, ndipo iye anakhala pomwepo akuyang'ana dambo mpaka mikungudza inasiya kuoneka payokhapayokha.